Mpeni Umadziwika pa Cingwe

Pa matebulo a m'makolido a mu tauni, pakati pa machaja a foni, matochi ndi maloko a pa citseko, masiku ano pamakhalanso mipeni yopinda yakuda bii. Ina ili ndi mano ngati ng'ona, ina anaijambula cibade ca munthu, ina ili ndi mawanga a yunifomu ya asilikali. Wogulitsa amatola umodzi, amagwedeza dzanja kamodzi cabe, citsulo n'kutumphuka kuti thwa! Anyamata odutsa amaima. Pa kabokosi pamalembedwa liu limodzi la Cizungu, lakuti tactical, ndipo liu limenelo limatulutsa ndalama ngakhale m'thumba la munthu amene sanadye kucokela m'mawa.

Ine ndimadyela mpeni. Kwa zaka 6 ndakhala ndikugwila nchito pa Soweto Market, pa malo a amai aang'ono amene amagulitsa anyezi, kabichi ndi mbatatisi kwa anthu obwela kudzaoda. Timafika ca m'ma 04:00 maloli akali kutsitsa katundu. Pali zingwe za tenti zofunika kudula, ulusi wa pakamwa pa masaka, matsinde a kabichi, makatoni, mapulasitiki. Mpeni umene mnyamata wa pa kona amautulutsa kawili pa wiki kuti anzake aone, kwa ine umaona nchito ya caka m'mawa umodzi. Zimene ndidziwa za mipeni yopinda ndinaziphunzila pa mipeni itatu: wa ambuya, wa mnzanga, ndi wanga.

Woyamba unali Okapi wa ambuya aamuna, umene amai aang'ono anandipatsa tsiku limene ndinayamba nchito. Aliyense wokulila m'komboni amaudziwa: cogwilila ca mtengo cokhota ngati nthoci, tunyenyezi ndi kamwezi pambali, ndi kamphete kumsana. Ukamautsegula umalila kuti krrr, cifukwa kutsinde kwa citsulo kuli tumano tumene tumakwecha pa sipulingi ya kumsana, mpaka dzino lomaliza litalowa pa kabowo n'kukhoma. Kuti autseke, munthu amalowetsa cala m'kamphete ndi kukoka sipulingi ija. Pamafunika manja awili ndi mtima wodekha.

Pa citsulo ca mpeni wa ambuya panadindidwa kuti unapangidwa ku Germany, ndipo cidindo cimeneco cimaulula zaka zake. Okapi anayamba kupangidwa kumeneko mu 1902, kuti azigulitsidwa m'maiko a mu Africa amene Ajelemani anali kulamulila, monga kumene lelo kuli Namibia ndi Tanzania. Dzina analitenga ku nyama ya m'nkhalango za ku Congo, ya miyendo ya mizele ngati mbidzi koma ili pa cibale ndi nyamalikiti. Mu 1988 kampani ya ku South Africa inagula dzinalo pamodzi ndi makina ake, ndipo kucokela nthawi imeneyo Okapi amapangidwa kumeneko. Conco mpeni umene ndinali kudulila zingwe unali mkulu wanga ndi zaka zambili, koma kamphete kake kanali kakali kukoka ndipo dzino likali kukhoma.

Okapi ambili amene timaona kuno ndi a citsulo ca kaboni cimene amacichula kuti 1055, kutanthauza kuti muli kaboni pafupi-fupi 0.55 pelesenti. Citsulo cotele cili ndi malamulo ake. Ukadula matimati n'kucisiya conyowa, m'mawa mwake cimakhala citafiila ndi dzimbili, motelo cimafuna kupukuta ndi kadontho ka saladi. Cimabuntha msanga pa zingwe za nayiloni. Koma cimamva mwala. Kukoka kakhumi mbali iyi, kakhumi mbali inayo, pa mwala wonolela, pansi pa kapu ya dothi, ngakhale pa sitepe ya simenti, mpeni wabwelela mwakale. Ndinazolowela kuunola m'mawa uliwonse ndikuyembekeza loli yoyamba, monga mmene ena amayambila tsiku ndi tiyi.

Mbili yoipa nayonso Okapi ali nayo. Matsotsi a ku Johannesburg anaukonda, ndipo unafika mpaka ku Jamaica, kumene anyamata ovuta a ku Kingston anali kuyenda nawo m'zaka za m'ma 1960. Koma wa ambuya unasenda nzimbe, unasema mipini, unasenda mbuzi pa maukwati ndi pa malilo, ndipo m'manja mwanga unatsegula masaka osawelengeka. Cimene cinandicititsa kulakalaka mpeni wina cinali cimodzi cabe. Ukakwela pamwamba pa loli, dzanja limodzi lagwila cingwe kuti tenti isathawe ndi mphepo, mpeni wofuna manja awili umakukakamiza kutsegula ndi mano.

Vuto limeneli ndi limene linabala mipeni imene lelo ikuchedwa tactical. Mu 1980, mmisili wa ku America dzina lake Michael Walker anakonza loko ya mtundu watsopano: kacitsulo kopyapyala m'kati mwa cogwilila, kamene kamalumphila kutsinde kwa mpeni ukatseguka, ndipo kamakankhidwa ndi cala cacikulu pofuna kutseka. Mu 1981, Sal Glesser, amene anayamba ndi kugulitsa zonolela asanapange mipeni, anatulutsa mpeni woyamba wa kampani yake ya Spyderco. Unali ndi bowo lozungulila pa citsulo lotsegulila ndi cala cimodzi, ndiponso kilipi yokolekela pa thumba la buluku. Zinthu zitatu zimenezi, kutsegula ndi dzanja limodzi, loko, ndi kilipi, ndizo mtima wa mipeni yonseyi. Mbili ya usilikali inabwela pambuyo pake, pamene amisili monga Ernest Emerson anayamba kupangila mipeni asilikali apadela a ku America. Koma mpeni woyamba wa Glesser uja dzina lake linali Worker, kutanthauza wanchito.

Palinso wina amene nkhani yake imandisangalatsa. Chris Reeve, mmisili wa zitsulo wa ku Durban, anasamukila ku Boise ku America mu 1989. Iye anatenga nzelu ya Walker n'kuilimbitsa: m'malo mwa kacitsulo ka m'kati, mbali ya cogwilila ceniceni, ca citsulo ca titanium, ndiyo imakhoma mpeni, moti ukafinya dzanja loko imalimbilatu. Mpeni umenewo umagulidwa madola oposa 400, ndipo okonda mipeni ambili amauyesa muyeso wa mipeni yopinda. Dzina lake ndi Sebenza. Ndi liu la Cizulu, lomwe lija timalankhula tsiku ndi tsiku m'Lusaka tikamati tiyende tikasebenze. Mipeni imene inayambitsa zonsezi inachedwa maina a nchito. Zibade ndi mawanga a asilikali zinadza ndi ogulitsa.

Mpeni waciwili unali wa mnzanga woyendetsa wilibala, amene amanyamula masaka athu kupeleka ku mabasi. Anaugula pa tebulo mu tauni. Unali wakuda, wa mano hafu, wa sipulingi yotumphutsa, ndipo pa citsulo panalembedwa dzina la kampani yochuka ya kunja imene mwacionekele sinaukhudzepo. Analipila ndalama yosakwana ya mbale zitatu za nsima.

“Iwe mwana, ona ka,” anali kundiuza akuutumphutsa. “Iwe ukali kuvutika na cimpeni ca ambuya? Ivi ndiye vamanje.”

Kunena zoona unali wokongola, ndipo wiki yoyamba unali kudula. Wiki yaciwili utoto wakuda unayamba kusupuka, kilipi inagwa cifukwa tumabauti twake tunali kungozungulila osagwila, ndipo citsulo cinayamba kugwedela ngati dzino la mwana wa giledi 1. Wiki yacitatu, m'mawa wina wa mvula, anakwela pa loli kukathandiza kumasula tenti. Mfundo ya cingwe inali itafufuma ndi madzi. Analowetsa nsonga pansi pa mfundo n'kupotoza, monga mmene tonse timacitila tikafulumila. Msana wa mpeni unagunda citsulo ca m'mbali mwa loli, loko inatelela, ndipo mpeni unatsekela pa cala cake colozela.

Sanakuwe. Anangokhala pansi pa masaka n'kuyang'ana dzanja lake ngati la munthu wina. Amai aang'ono anang'amba citenge n'kumumanga. “Nyamula dzanja m'mwamba, mwana wanga, usayang'ane,” anatelo, ndipo tinamukweza takisi. Ku cipatala anati mtsempha wopinditsa cala unadulidwa. Anamusoka, anamumanga dzanja, ndipo anakhala mawiki 6 osagwila wilibala. Munthu wa wilibala alibe malipilo a pa mwezi. Tsiku limene sanakankhe, sanadye. Lendi ya kacipinda kake inamupitilila miyezi iwili, foni anagulitsa, ndipo mng'ono wake amene anali kumulipilila sukulu anakhala pa nyumba temu yonse. Mpaka lelo cala cija sicipinda bwino.

Mpeni uja unatsala pa loli, ndipo madzulo ndinaumasula kuti ndione za m'kati. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyelele. Kacitsulo ka loko kanali kopyapyala ngati civinikilo ca citini ca nsomba, ndipo kanali kungokhudza m'mphepete mwa tsinde la mpeni. Tsindelo analipala motsetseleka kwambili, moti cinthu cikakankha msana, kacitsulo kanalibe pogwila koma kutelela n'kubwelela kumene kanacokela. Loko ya Walker imadalila malo aang'ono kuposa cikhadabo, pamene zitsulo ziwilizi zimakumana. Malowo akapalidwa bwino, loko imanyamula mphamvu ya mwamuna wamkulu. Akapalidwa mwa cisawawa, mpeni umalilabe kuti thwa, umaoneka wokhoma, koma ndi msampha. Opanga mipeni yabodza amadziwa kuti wogula sayang'ana mmenemo. Ndalama amaziika pa utoto, pa cibade ndi pa kabokosi.

N'cimodzi-modzi ndi citsulo. Pa mipeni ya pa tebulo pamalembedwa kuti stainless, ndipo anthu amaganiza kuti liulo litanthauza kulimba. Limangotanthauza kuti m'citsulomo muli chromium wosacepela 10.5 pelesenti, amene amaletsa dzimbili. Sipuni nayonso ndi stainless, koma palibe amene amasendela mbuzi. Kuthwa kokhalitsa kumacokela pa kuculuka kwa kaboni ndi pa kaochedwe: citsulo cimatenthedwa pa moto woyezedwa, cimazizilitsidwa mwamsanga kuti ciume, kenako cimatenthedwanso pang'ono kuti cisamathetheke. Fakitale ikadumpha zimenezi, mpeni umakhala wofewa moti ukaunola, kukamwa kwake kumangopindika ngati pepala la siliva la m'paketi ya fodya. Wa mnzanga ndinauyesa pa mwala womwe uja wa Okapi. Ndinanola mpaka dzanja kuwawa, koma sunagwile. Nawo mano amene anyamata amawakonda amadula cingwe bwino akali atsopano, koma akabuntha mwala wamba sulowa pakati pake, ndipo hafu ya mpeni imakhala yafa.

Wacitatu ndi umene ndili nawo lelo. Amalume amayendetsa thilaki ya ku Durban kudzela pa Chirundu ndi Beitbridge, ndipo ndinawapatsa ndalama imene ndinasunga kwa miyezi itatu.

“Ufuna wa bwanji, mphwanga?” anandifunsa.

“Wosapindikila cala, amalume. Maonekedwe musavutike nawo.”

Anabwela nawo kucokela m'sitolo ya zinthu za alenje ndi asodzi ku Johannesburg. Anzanga atauona anaseka. Cogwilila cake ndi cotuwa, cokhakhala ngati msasa, cilibe cithunzi ciliconse. Citsulo n'coyela, copanda mano, cacifupi kuposa cikhatho canga. Ulibe sipulingi yotumphutsa. Umatseguka ndi cala cacikulu mwakacetecete, ndipo loko ikalowa imamveka kamodzi, mozama, ngati citseko ca galimoto yatsopano.

Tsopano wakwanitsa zaka 3 pa msika. Sindinganene kuti sufuna cisamalo. Fumbi la mu August ndi makoko a anyezi zimalowa polumikizila, moti umayamba kulimba potsegula. Pa Sondo ndimautsuka ndi madzi ofunda ndi mswaci wakale, ndimauumika pa dzuwa, n'kudonthezela mafuta a makina osokela. Tumabauti twake tuli ndi mitu ya nyenyezi, ndipo anyamata okonza mafoni ndiwo ali ndi zomangila zake, conco bauti ya pakati ikamasuka ndimapita kwa iwo. Kilipi inakolapo pa citseko ca basi n'kupindika, ndinaimasula, ndinaiwongola ndi pulayala, n'kuibwezela. Kunola kumatenga nthawi kuposa Okapi cifukwa citsulo n'colimba, koma ndikanola pa Mande ndimafika pa Cinai ukali kudula ulusi mosakoka. Utoto sunasupuke cifukwa panalibe utoto. Loko sinandithawepo ngakhale kamodzi, ndipo cimeneco ndico ndinalipilila.

Anyamata atsopano pa msika amandifunsa kuti mpeni wabwino amaudziwa bwanji, popeza si onse ali ndi amalume a thilaki, ndipo maina a makampani amalembedwa ndi aliyense. Ndimawauza zimene ndimacita ndisanakhulupilile mpeni uliwonse. Coyamba, utsegule, ugwile kumsana kwa citsulo, ugwedeze uku ndi uku, m'mwamba ndi pansi. Kugwedela kwa m'mbali nthawi zina kumatha ukamanga bauti, koma kwa m'mwamba ndi pansi kutanthauza kuti loko siikugwila. Caciwili, suzumila m'kati. Kacitsulo ka loko kayenela kulowa ndithu pansi pa tsinde, osati kungokhudza m'mphepete, komanso osati kuwolokela tsidya lina. Cacitatu, cotsa zala zonse m'njila ya citsulo, ugwile cogwilila m'mbali, ukanikize msana wa mpeni pa thabwa. Ukapindika, usiye pomwepo. Cacinai, utseke, uone ngati nsonga yabisika yonse ndipo citsulo cakhala pakati osakwecha m'mbali, kenako uuzondotse n'kugwedeza. Mpeni umene umatseguka wokha udzatsegukila m'thumba, pafupi ndi nchafu. Comaliza, pempha kudula kacingwe. Wogulitsa akakana kuti uyese, wakuyankha kale. Ndipo ngati ndalama ndi yocepa, mpeni wacikale wa kamphete kapena mpeni wa kukhichini wokulunga m'katoni umaposa mpeni wa loko yabodza, cifukwa suulonjeza cimene sungacite.

Ndidziwa kuti ambili amene amaima pa matebulo aja alibe saka yotsegula. Amagula cifukwa ca mdima wa pakati pa siteshoni ya basi ndi nyumba, kumene majunkies amalanda mafoni ndi tumathumba twa amai. Mantha amenewo ndi enieni, inenso ndimadutsa njila zomwezo usiku ukali bii. Koma pa zimene ndaona m'komboni mwathu, mpeni wotulutsidwa pakati pa anyamata asanu umasintha mwini mofulumila, ndipo ndeu imene ikanatha ndi mlomo wotupa imathela wina ku mochale, wina ku Mukobeko. Apolisi akakupeza nawo usiku sadzafunsa za mtundu wa loko. Malamulo a dziko lino amaletsa kukhala ndi cida coopsa popanda cifukwa comveka, ndipo cibade cojambulidwa pa cogwilila sicidzakuthandiza kufotokoza. Pa nchito imeneyo palibe mpeni wodalilika, ngakhale wa madola 400. Wanga ndikakomboka umagona m'bokosi pamodzi ndi sikelo, ndipo amai aang'ono amakhoma.

Okapi wa ambuya ukali pa msika. Amai aang'ono anautenganso, ndipo ndi umene amadulila matsinde a kabichi atakhala pa kampando kawo, osafulumila, manja onse awili ali omasuka. Citsulo cinacepa ndi kunola moti catsala ngati tsamba la nsungwi, koma dzino likali kukhoma.

Mnzanga uja anabwelela pa wilibala. Amagwila ndi zala zinai, colozela cili ciloze kutsogolo, ndipo anzake amamuseka kuti amaonetsa njila. Iye sakwiya. Koma mnyamata watsopano akafika akutumphutsa mpeni wakuda, amaimika wilibala n'kutambasula dzanja lomwelo.

“Bwelesa nione, mwana.”

Amautsegula, amacotsa zala m'njila, n'kukanikiza msana wake pa thabwa la tebulo yathu, mwini wake akuona. Yambili imapindika asanaike n'komwe mphamvu. Akatelo amaubweza kwa mwini wake uli wotseka, amanyamula wilibala, n'kupita kukatenga saka ina.